Mafunso ndi mayankho okhudza mawu a Chingerezi akuti "second"

Mawu akuti *second* timayamba kuwamva tili ku pulayimale, poloweza *first, second, third*. Tikakula timawapezanso pa wotchi, ku msika wa kaunjika, pa msonkhano wa komiti, m'kalata ya kuntchito ndi pa fomu ya ku banki, ndipo paliponse amakhala ngati akunena zina. Mafunso ali m'munsimu ndi amene ana asukulu, alembi a makomiti ndi omasulira amafunsa kawirikawiri.

Kodi tanthauzo lenileni la *second* ndi liti?

Ndi chinthu chobwera pambuyo pa choyamba: wachiwiri, chachiwiri, kachiwiri. Bakili Muluzi, yemwe anasankhidwa mu 1994, anali *second president* wa Malawi chifukwa anabwera pambuyo pa Kamuzu Banda. Buzz Aldrin anali munthu wachiwiri kuponda pa mwezi mu 1969, atatsogola Neil Armstrong.

Mawuwa akatsatana ndi mawu oyerekeza ngati *largest* kapena *highest*, amanena za chinthu chomwe chaposedwa ndi chimodzi chokha. K2, phiri lotalika mamita 8,611, ndi *second highest* pa dziko lonse, kuposedwa ndi Everest basi. Pa chiwerengero cha anthu, Blantyre ndi *second largest city* kuno kwathu, pambuyo pa Lilongwe.

Mukakumana ndi *second* pamalo achilendo, dzifunseni kuti: chinthuchi chikutsatira chiyani? Matanthauzo ambiri ofotokozedwa m'munsimu amamasuka ndi funso limeneli.

N'chifukwa chiyani *second* safanana ndi *two*, pomwe *fourth* amafanana ndi *four*?

Chifukwa ndi mawu obwereka. Anachokera ku Chilatini, *secundus*, kutanthauza "wotsatira", ndipo analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa cha m'ma 1300. Asanafike, Angerezi akale ankagwiritsa ntchito mawu amene lero ndi *other* ponena chachiwiri. Koma *other* ankatanthauzanso "china", ndiye zinkasokoneza, mpaka mawu obwerekawa anatenga malo. Kachidutswa ka kalankhulidwe kakaleko katsalira m'mawu akuti *every other day*, omwe ndi ofanana ndi *every second day*. Tawafotokoza pa funso la mawu okuluwika.

Kodi 2nd ndi 12th amasiyana pati? Ndimalakwitsa polemba deti.

Zilembo ziwiri za pamapetozo ndi zilembo zomaliza za mawu amene mumatchula. *Second* amathera pa *nd*, choncho timalemba 2nd, 22nd, 32nd, 102nd. Koma 12 potchula ndi *twelfth*, ndiye amalembedwa 12th, chimodzimodzi 112th. "12nd" kulibe. Ngati mwakayika, tchulani nambalayo mokweza ndipo mumve pomwe lilime lathera.

Pa maina a mafumu ndi apapa amalemba manambala a Chiroma. Elizabeth II, yemwe analamulira kuyambira 1952 mpaka 2022, amatchulidwa *Elizabeth the Second*, osati *Elizabeth Two*. N'chimodzimodzi Papa John Paul II, amene anayendera Malawi mu Meyi 1989, ndi Inkosi Gomani II ya Angoni a ku Ntcheu, imene boma la atsamunda linaichotsa pa mpando mu 1953 pa nthawi yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Pa masamu pali kamsampha kamodzi. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndi *one third*, mwa magawo asanu ndi *one fifth*, koma theka si *one second*. Theka ndi *half*.

Nanga sekondi ya pa wotchi ikugwirizana bwanji ndi "chachiwiri"?

Ikugwirizana kwambiri, ndipo mbiri yake ndi yokoma. Anthu a ku Babulo wakale ankawerenga m'magulu a 60, osati a 10 ngati ife. Akatswiri a nyenyezi a Chigiriki anatengera njira imeneyi, ndipo amene ankalemba m'Chilatini pambuyo pake anaipatsa maina. Akagawa chinthu chathunthu m'magawo 60, gawo lililonse ankalitcha *pars minuta prima*, kagawo kakang'ono koyamba. Kagawoko akakagawanso m'magawo 60, chotulukacho chinali *pars minuta secunda*, kagawo kakang'ono kachiwiri. M'kupita kwa nthawi, dzina loyambalo linafupika n'kukhala *minute*, lachiwirilo n'kukhala *second*. Sekondi tsono ndi kugawa ola kwachiwiri.

N'chifukwa chake ola lili ndi mphindi 60, mphindi ili ndi masekondi 60, ndipo tsiku lathunthu lili ndi masekondi 86,400. Oyeza malo amagawanso digiri ya pa mapu mwa njira yomweyi. Mukaona manambala a malo pa chikalata cha puloti kapena pa GPS ya foni, kachizindikiro kamodzi (') kakuimira *minute*, tiwiri (") tikuimira *second*. Sekondi imodzi ya mtundu umenewu, kulowera kumpoto kapena kumwera, ndi mtunda wa mamita pafupifupi 31.

Polankhula, *just a second* kapena *wait a sec* ndi "tadikirani pang'ono". Palibe amene amawerenga.

Ndani amanena kuti sekondi italike bwanji?

Kale sekondi inkayezedwa potengera kuzungulira kwa dziko: tsiku kuligawa m'magawo 86,400. Vuto linali loti dziko silizungulira mofanana nthawi zonse, limafulumira kapena kuchedwa pang'ono. Mu 1967 msonkhano wa maiko woona za miyezo unagwirizana zoyeza sekondi ndi atomu ya caesium-133. Sekondi imodzi ndi nthawi imene cheza chochokera mu atomu imeneyi chimagwedezeka ka 9,192,631,770. Mawotchi ogwiritsa ntchito atomuyi ndiwo amasunga nthawi ya dziko lonse, ndipo nthawi ya pa foni yanu imachokera kumeneko.

Popeza mawotchiwa salakwitsa pomwe dziko limatsalira, kuyambira mu 1972 akhala akuwonjezera sekondi yapadera nthawi zina, yotchedwa *leap second*. Awonjezera ka 27, komaliza pa 31 Disembala 2016. Sekondi yowonjezerayi imasokoneza makompyuta, ndipo mu 2022 maiko anagwirizana kuti pofika 2035 aisiye.

Kodi *second hand* ndi *second-hand* ndi mawu amodzi?

Ayi. *The second hand* wopanda kamzere ndi kamuvi kowonda ka pa wotchi komwe kamaloza masekondi. *Second-hand* wa kamzere ndi chinthu chomwe chinali ndi mwini wake woyamba, inu ndinu wachiwiri: zovala za pa kaunjika, zimene ku Zambia amati salaula, kapena galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, zomwe zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam. Ku Britain ogulitsa amakonda kunena *pre-owned* kapena *pre-loved* pofuna kukometsa, koma katundu wake ndi yemweyo.

Mawuwa sathera pa katundu. *Second-hand information* ndi nkhani ya m'maluwa, yomwe mwaimva kwa munthu amene nayenso anachita kumva. *Second-hand smoke* ndi utsi wa fodya umene munthu wosasuta amapuma chifukwa wakhala pafupi ndi wosuta, ndipo umavulaza ndithu, makamaka ana m'nyumba.

Ndinaona sitolo italemba kuti *factory seconds*. Kodi ndi kaunjika?

Si kaunjika. *Seconds* ndi katundu watsopano amene sanavalidwepo koma anatuluka ku fakitale ali ndi kachilema: msoko wokhota, batani losowa, mbale yokhala ndi kadontho. Amagulitsidwa motchipa chifukwa sanafike pa giredi yoyamba. Muyang'anitsitse musanapereke ndalama, chifukwa kawirikawiri katundu wotere sabwezedwa.

Pa chakudya, *seconds* ndi kuwonjezera. Mwininyumba akafunsa kuti *Would you like seconds?* akufunsa ngati akupakulireninso.

Pa msonkhano munthu akati *I second*, akutanthauza chiyani?

Apa *second* wasanduka mneni, ndipo tanthauzo lake ndi kuikira kumbuyo. Wina amapereka ganizo, mwachitsanzo kuti masheya a banki m'khonde akwere kuchoka pa K1,000 kufika pa K2,000. Wapampando amafunsa ngati alipo wosekonda. Wina akaimika dzanja n'kunena kuti "ndasekonda", ganizolo lapeza munthu wachiwiri, ndipo tsopano likhoza kukambidwa ndi kuvoteredwa. Likasowa wosekonda limagwa pomwepo, osakambidwa n'komwe. Cholinga chake n'chakuti msonkhano usathere nthawi pa nkhani yomwe akuifuna ndi munthu mmodzi yekha.

Pali zinthu ziwiri zimene makomiti athu ambiri amasokoneza, ndipo zimabweretsa mikangano yosafunika. Choyamba, kusekonda si kuvota. Ganizo likasekondedwa silinadutse ayi, langololedwa kulowa m'bwalo. Wapampando amene amati "zasekondedwa, ndiye zatheka" walanda anthu ena onse mwayi wolankhula. Chachiwiri, pa malamulo a misonkhano amene mabungwe ambiri amatsata, wosekonda sakakamizika kuvotera ganizolo. Akhoza kusekonda kuti nkhani imveke, kenako n'kuikana atamva mbali zonse, ndipo sanachite chinyengo.

Alembi, lembani maina onse awiri m'maminitsi: amene anapereka ganizo, *proposer* kapena *mover*, ndi amene anasekonda, *seconder*. Tsiku limene ndalama za gulu zidzavute, maina awiriwa ndiwo adzafunsidwe.

Tanthauzo la kuikira kumbuyoli limapezekanso pa nkhonya. *Second* ndi munthu uja amakhala pa kona ndi botolo la madzi ndi thaulo. Wolengeza akafuula kuti *seconds out*, sakuwerenga nthawi. Akuuza othandizawo kuti atuluke mu ring'i, raundi iyambe.

Kalata yanga ikuti *you have been seconded*. Kodi wina wandisekonda?

Ayi, awa ndi mawu ena, ngakhale kalembedwe n'kofanana. Amasiyana potchula. Pa matanthauzo onse ofotokozedwa pamwambapa, mphamvu ya mawu imagwera koyambirira: SE-kond. Pa tanthauzo ili imagwera kumapeto: si-KOND. Dzina lake ndi *secondment*.

Zikutanthauza kuti abwana anu akubwereketsani kwa kanthawi ku nthambi ina kapena bungwe lina, monga namwino wa boma kukagwira ntchito pa chipatala cha mishoni, kapena mphunzitsi kukathandiza pa pulojekiti kwa zaka ziwiri. Simunachotsedwe ntchito, ndipo si transifa, chifukwa nthawi ikatha mumayenera kubwerera kumene munachokera. Musanasayine, funsani kuti kalatayo inene momveka zinthu izi: adzakulipirani ndani, penshoni yanu ipitirira bwanji, nthawi yake ndi yaitali bwanji, ndipo pobwerera mudzapeza udindo uti. Anthu ambiri amathamangira alawansi ya kumalo atsopano, funso lomalizali n'kuliiwala.

Kodi *second reading* ku Nyumba ya Malamulo ndi kuwerenga bilu kachiwiri?

Dzina likutero, koma palibe amene amawerenga bilu yonse mokweza. Dzinalo linatsalira kuchokera ku nyumba ya malamulo ya ku Britain, nthawi imene makina osindikizira anali asanafale ndipo mlembi ankawerengadi. Lero *first reading* ndi kungoidziwitsa nyumba kuti bilu yafika. Pa *second reading* nduna imafotokoza cholinga cha biluyo ndipo aphungu amatsutsana pa mfundo zake zikuluzikulu. Kenako amaiunika ndime ndi ndime, n'kufika pa *third reading*, isanapite kwa mtsogoleri wa dziko kukasayinidwa. Ngati mukufuna kudziwa maganizo a phungu wanu pa lamulo linalake, mvetserani pa *second reading*.

Nanga *Second Vice President* tingamutchule bwanji?

M'Chichewa zimavuta pang'ono chifukwa *vice president* timamutcha kale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Ndiye mumamva pa wailesi akuti "wachiwiri kwa wachiwiri". M'Chingerezi *second* apa akuwerenga ma *vice president* okha: pali woyamba, pali wachiwiri. Pa mndandanda wa maudindo, munthuyu ndi wachitatu. Woyamba amasankhidwa ndi anthu limodzi ndi pulezidenti, pomwe wachiwiriyu amachita kusankhidwa ndi pulezidenti akaona kuti n'kofunika. Chakufwa Chihana wa chipani cha AFORD ndiye anayamba kukhala pa udindowu, mu ulamuliro wa Muluzi.

Kodi *second cousin* ndi msuweni wachiwiri?

Kumasulira koteroko kumasocheretsa, chifukwa Angerezi amawerenga chibale mosiyana ndi ife. Kwa iwo ana a amalume, ana a azakhali, ana a mayi aang'ono ndi ana a bambo aakulu onse ndi *first cousins*, pomwe kwathu ena mwa amenewa ndi asuweni, ena ndi abale enieni, achimwene ndi achemwali. *Second cousins* ndi ana a ma *first cousins* awiri. Kunena kwina, agogo anu ndi agogo ake anali a bere limodzi. Nambalayo ikuwerenga mibadwo, sikunena kuti wina ndi wamkulu kapena wofunika kuposa mnzake.

*Second wife* nayenso amafuna kusamala. Kwathu "mkazi wachiwiri" ambiri amamva za mitala. Mngerezi akamva *his second wife* amaganiza kuti mkazi woyamba anamwalira kapena banja linatha. Ngati mukumasulira nkhani ya chuma cha masiye kapena ya ku khoti, fotokozani bwino kuti akaziwo analipo nthawi imodzi kapena motsatana.

*Second name* pa fomu ndi wosokoneza kwa aliyense. Ena ku Britain amatanthauza dzina la bambo kapena la mtundu, ena amatanthauza dzina lapakati. Funsani musanalembe, chifukwa dzina likasemphana pakati pa chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE ndi pasipoti, kukonza kwake kumadya nthawi ndi ndalama.

Andiuza kuti ofesi ili pa *second floor*. Ndikwere masitepe angati?

Zitengera dziko. Ku Britain, ku South Africa ndi kuno kwathu, pansi polowera ndi *ground floor*, kukwera kamodzi ndi *first floor*, kukwera kawiri ndi *second floor*. Ku America pansi polowera ndi *first floor* kale, ndiye *second floor* mumakwera kamodzi kokha.

Kodi *second* nthawi zonse amanyozetsa chinthu?

Osati nthawi zonse, ndipo apa m'pofunika kusamala kwambiri. *Second-rate* ndi chinthu chosalongosoka, chachabechabe. *Second-class citizen* ndi munthu amene m'dziko lake lomwe amamutenga ngati wosafunika, monga zinalili kwa anthu akuda mu ulamuliro wa tsankho ku South Africa. Koma *upper second class* pa digiri ndi giredi yabwino. M'mayunivesite a ku Britain *first class* imayambira pa malikisi 70, *upper second* kapena 2:1 ndi 60 mpaka 69, *lower second* kapena 2:2 ndi 50 mpaka 59. Maphunziro a Chevening, olipiridwa ndi boma la Britain, amene Amalawi ambiri amafunsira, kawirikawiri amafuna digiri yofanana ndi 2:1. Wachinyamata amene wapeza giredi imeneyi asadzione wolephera chifukwa cha mawu akuti *second*.

*Second degree* amayenda mbali ziwiri. Pa zilonda za moto, nambala ikamakwera vuto likukula: *first-degree* ndi khungu la pamwamba lokha, *second-degree* ndi pamene patuluka matuza, *third-degree* ndi pamene khungu lonse lapsa. Pa milandu yakupha m'makhoti a ku America n'zosemphana: *first-degree murder* ndiwo mlandu waukulu, wochita kukonzekera, ndipo *second-degree* ndi wocheperapo.

Ndi mawu okuluwika ati a *second* amene ndiyenera kuwadziwa?

Amene amapusitsa ambiri ndi *second to none*. Pomva *second* ndi *none* munthu amaganiza kuti akunyozedwa, chonsecho ndi chiyamikiro chachikulu: palibe amene ali patsogolo pake, ndiye katswiri. Mukapeza mawuwa m'kalata yokuchitirani umboni pofunsira ntchito, sangalalani.

*To have second thoughts* ndi kuyamba kukayika pa chinthu chomwe munavomera kale, ngati mkwati amene mtima wayamba kubwerera m'mbuyo ukwati utayandikira. *On second thoughts*, kapena *on second thought* kwa Amereka, ndi "ayi, ndasintha maganizo". *Second nature* ndi chinthu chimene mwachizolowera mpaka chinakulowani m'magazi. *To second-guess* ndi kumangokayikira kapena kudzudzula zimene wina wasankha. *To play second fiddle* ndi kukhala wongothandizira pomwe ulemu ukupita kwa wina. *Second wind* ndi mphamvu zimene zimabweranso munthu atatopa kale, monga wothamanga kapena wolima amene anatsala pang'ono kuweruka.

Awiri otsatirawa amakhudza moyo. *Second opinion* ndi kukaonana ndi dokotala wina kuti naye anenepo pa matenda omwewo, makamaka asanakuchiteni opaleshoni yaikulu. Si mwano kwa dokotala woyamba, ndipo madokotala abwino saipidwa nazo. *Every second day* pa pepala la mankhwala sakutanthauza kawiri pa tsiku, komanso sakutanthauza Lachiwiri lililonse. Akutanthauza kumwa lero, mawa kudumpha, mkuja kumwanso. Kawiri pa tsiku ndi *twice a day*. Ngati malembawo sakumveka, funsani wopereka mankhwala akufotokozereni m'Chichewa musanachoke pa windo.

Pa mpira ndimamva *second half*, *second leg*, *second yellow*. Zonsezi n'zofanana?

Zonse ndi "chachiwiri" wamba. *Second half* ndi chigawo chachiwiri cha masewero. *Second leg* ndi masewero achibwereza pamene matimu akumana kawiri, kwawo ndi koyenda, zigoli n'kuphatikizidwa. *Second yellow* ndi khadi yachikasu yachiwiri m'masewero amodzi, yomwe imabala yofiira.

Kodi *secondary* ndi *second* ndi pachibale?

Inde, muzu ndi umodzi. Sekondale ndi gawo lachiwiri la maphunziro, lotsatira pulayimale, ndipo koleji ndi yunivesite ndi gawo lachitatu, *tertiary*. Sekondale yoyamba m'dziko muno inali Blantyre Secondary School, yotsegulidwa mu 1940, ndipo Zomba Catholic inatsatira mu 1942. Makolo amadziwanso *second selection*, mndandanda wachiwiri umene umatuluka kudzaza malo a ana amene anasankhidwa koma sanapite.

Kunja kwa sukulu, *secondary* amatanthauza chinthu chosakhala patsogolo kapena chobadwa kuchokera ku china. *Secondary infection* ndi matenda amene alowa chifukwa oyamba afooketsa thupi, monga chibayo chobwera pambuyo pa chikuku.

Polemba chimangirizo, ndilembe *second* kapena *secondly*?

Onse ndi olondola. Chofunika n'kusasakaniza: *first, second, third*, kapena *firstly, secondly, thirdly*.

Mnzanga wa ku Tete akati *segunda* amanena Lolemba. Bwanji osati Lachiwiri?

*Segunda* wa Chipwitikizi ndi *second* wa Chingerezi anachokera ku *secundus* yemwe uja, koma kuwerenga kumayambira posiyana. Ife timayamba ndi Lolemba, choncho tsiku lotsatira ndi Lachiwiri. Apwitikizi amayamba ndi Lamulungu, ndiye Lolemba ndi tsiku lawo lachiwiri, *segunda-feira*. Lachiwiri lathu kwa iwo ndi *terça-feira*, tsiku lachitatu, ndipo zimapitirira choncho mpaka Lachisanu, lomwe ndi *sexta-feira*, lachisanu ndi chimodzi. Amalonda odutsa pa Zobue, Dedza kapena Muloza, popangana tsiku lokumana ndi anzanu a ku Mozambique, tchulani deti ndi mwezi, osangoti "tsiku lachiwiri".